Madamu Makungwa ndi Nambala za Pansi pa Ziro

Madamu Prisca Makungwa anaphunzitsa Sitandade 3 kwa zaka khumi ndi zinayi pasukulu ina yapulayimale kuseri kwa msika wa Lirangwe, koma sanali mphunzitsi wa boma. Anali wongothandiza, wolembedwa ndi komiti ya makolo. Anafe sitinkadziwa kusiyana kwake. Ine ndinadutsa m'manja mwawo ndili ndi zaka zisanu ndi zitatu, ndipo chimene ndimakumbukira ndi mayi wamtali wa mawu aakulu, woyenda ndi jumbo lodzaza zitsekerero za mabotolo zowerengera, amene ankatha kukhalitsa chete ana oposa zana pansi pa mtengo wa kesha pongowomba m'manja katatu.

Mbiri yawo ndinaidziwa nditakula, pang'onopang'ono. Anabadwira ku Lirangwe komweko, mwana wachitatu wa mkulu wa mpingo wa CCAP. Mayeso a Fomu 4 anawalemba ali ndi zaka 19. Pamayeso amenewa nambala yaing'ono ndiyo yabwino: 1 ndi katswiri, 9 ndi wolephera. Chingerezi, Chichewa, Baibulo ndi bayoloje anakhoza bwino, koma masamu anapeza 9. Ahedi a pasukulu ija, anzawo a bambo awo, anali ndi makalasi asanu ndi atatu koma aphunzitsi asanu okha, ndiye anawapempha kuti azigwirirako kalasi imodzi podikira kulembanso. Analembanso kawiri. Koyamba anapezanso 9, kachiwiri 8. Pakati pa mayeso awiriwo anakwatiwa ndi a Laston, kalipentala wa pamsika, n'kubereka ana awiri. Aphunzitsi a boma ankabwera, kukhala zaka ziwiri, n'kupempha kusamukira m'tauni. Ena mwa iwo ankachita kukaima pamazenera a makalasi awo kuti aone mmene madamu amagwirira gulu la ana. Madamu ankangokhalabe pomwepo.

Kuti munthu afunsire malo kukoleji ya uphunzitsi, chikalata choitanira anthu chinkanena zinthu ziwiri zimene zinkawasowetsa mtendere. Masamu ankafunika 6, osati 7 kapena 8. Ndipo wofunsirayo akhale asanakwanitse zaka 35. Chaka chimene ndikunenachi anali ndi zaka 34. Akanaphonya ulendo umenewo, khomo likanatsekeka, ndipo akanakalamba akugwirira kalasi ya eni ake.

Ife tinachoka ku Lirangwe ndili Sitandade 5, bambo atapeza ntchito kubwalo la ndege ku Chileka. Nditalemba Fomu 4 ndinkangokhala pakhomo, kudikira zotsatira za komwe ndinafunsira sukulu. Masamu ndinapeza 2, ndipo amayi nkhani imeneyi sankatha kuisunga. Anakaifotokoza kumsonkhano wa amayi a Mvano ku Lunzu, madamu ali pomwepo. Loweruka lotsatira, mu Febuluwale, ndikutsuka mbale kuseri kwa nyumba, ndinamva mawu amene ndinawazindikira ndisanaone nkhope.

"Odi kuno! Kamtsikana kanga kaja kali kuti?"

Ndinapukuta manja n'kukagwada pakhonde.

"Eee, wakula! Uyu ndi Duwa uja? Mayi a Duwa, mumamudyetsa chiyani mwanayu?" Anaseka, kenako anatsitsa mawu. "Mwanangu, ndabwera kudzayamba sukulu. Kwa iweyo."

Anali atakonza kale zonse. Dzina lawo analilembetsa pasukulu ina ya sekondale kuno ku Chileka, ngati wolemba mayeso wochokera kunja, kuti anthu a ku Lirangwe asadziwe. Kumeneko theka la ana a Fomu 4 anawaphunzitsa okha kuwerenga, ndipo makolo akanamva kuti madamu akulimbanabe ndi masamu, nkhaniyo ikanafika ku komiti isanafike Lolemba. Ankadziwa ndi amuna awo okha. Oyandikana nawo akafunsa kuti mayi a kunyumba amapita kuti Loweruka lililonse, a Laston ankati, "Kukaona odwala ku Chileka." Akafunsidwa kuti akudwala ndani, ankati, "Matenda ake ndi okhalitsa," n'kupitiriza kupala thabwa.

Madamu atapita tsiku limenelo, amayi anandiitanira kukhitchini.

"Amenewa ndi aphunzitsi ako," anatero. "Kuwerenga kumene ukunyadiraku unakutenga kwa iwowa. Usakayerekeze kuwachititsa manyazi. Usamawauze kuti alakwa ngati ukuyankhula ndi mnzako wa pamjigo, wamva?"

Ndinamva. Kunena zoona, ngakhale amayi akanapanda kundiuza, sindikanatha.

Choncho Loweruka lililonse madamu ankakwera minibasi pa Lirangwe, kutsika pa Kameza, kukweranso ina ya ku Chileka, n'kufika kwathu cha m'ma 9. Tinkatulutsa tebulo pakhonde. Iwo ankakhala pampando, ine pamkeka, ndipo popereka buku ndinkagwada. Ankabwera ndi kope lokutidwa bwino ndi nyuzipepala, mapensulo awiri osongoka ndi lezala. Ankalemba nambala zozungulira bwino, zazikulu, ngati za pabolodi. Ndege ikamatera tinkasiya kuyankhula mpaka idutse, ndipo iwo ankaitsatira ndi maso nthawi zonse.

Sindinachedwe kuona pamene panali vuto. Kugawa, kuchulukitsa, mafulakishoni, zonsezo ankazichita pamtima mwachangu kuposa ine. Koma nambala ikangokhala ndi kamzere ka mainasi kutsogolo, zinthu zinkasokonekera. Pa 3 – 8 ankalemba 5. Pa –3 – 5 ankalemba +8, akunena okha mokondwera kuti, "Mainasi awiri amabereka pulasi." Pa 2⁻³, ndiye kuti 2 pawa mainasi 3, ankalemba –8. Ndipo popeza mainasi amabisala paliponse, m'ma ikwezhoni, m'magilafu, m'mafankishoni, funso limene analiyamba bwino linkagwa pamzere wachiwiri kapena wachitatu.

Akamaliza ankanditembenuzira kope.

"Zili bwanji, aphunzitsi?"

"Mwayesetsa, madamu," ndinkatero, ndikuyang'ana pansi. "Tiyeni tione lina."

Ndikatero ndinkatenga funso lofanana nalo n'kulichita bwinobwino iwo akuona, ndikuyembekeza kuti aona okha pamene tasiyana. Ankagwedeza mutu, n'kunena kuti ndimalemba mwaukhondo. Sindinachonge paliponse, kaya pokhoza kaya polakwa. Iwo ankati kukhala chete kwanga n'kuvomereza. Anadutsa Maloweruka khumi tikuchita zimenezi.

Kumayambiriro kwa Meyi sukulu ija inalola olemba akunja kuti alembe nawo mayeso oyeserera. Loweruka lotsatira madamu anafika opanda nthabwala. Anapereka moni kwa amayi mwachidule, n'kukhala pansi, n'kuyala pepala la mayesowo patebulo. Pamwamba pake panali 21 yofiira, pa 100. Kenako anatsegula kope lawo n'kuliika pambali pa pepalalo.

"Duwa, tayang'ana apa. Funso ili ndi ili, kusiyana kwake n'chiyani?"

"Palibe, madamu."

"Yankho langa apa ndi apa?"

"Ndi limodzimodzi."

"Apa aphunzitsi a uko athetha ndi inki yofiira. Apa iwe unati ndayesetsa. Wandinamiza ndani pa awirinu?"

Anapitiriza kutsegula masamba, akuloza ndi chala. Apa. Apa. Apanso. Amayi, amene ankamva zonse ali kukhitchini, anatuluka akupukuta manja pachitenje.

"Achemwali, musamuzazire mwanayu. Ndinamuuza ndine kuti asamale pakamwa. Inu ndinu aphunzitsi ake."

"Mayi a Duwa," anatero madamu, osakweza mawu, "ndataya masabata khumi. Ndatsala ndi asanu ndi anayi. Ulemu umenewu ukandilowetsa kukoleji?"

Amayi anabwerera kukhitchini. Madamu anayang'ana kumsewu. Ndinkaganiza kuti atenga chikwama chawo n'kumapita, osadzabweranso. M'malomwake anatsika pakhonde, n'kuyenda pabwalo akuyang'ana pansi ngati ataya singano, ndipo anabwera ndi kamwala kosalala, kakakulu ngati dzira la nkhunda. Anakaika patebulo.

"Ndikukumbuka iwe," anatero. "Teremu yonse yoyamba sunatulutse liwu. Ana otere ndimakhala nawo chaka chilichonse, asanu kapena asanu ndi mmodzi. Sindiwakakamiza. Ndimalemba mayankho awiri padothi, n'kumupatsa mwana mwala kuti aike pamene akuona kuti m'polondola. Amaika. Pakamwa pamakana koma dzanja limavomera. Ndiye lero titembenuza. Ine ndizilemba. Ukangoona pamene ndaphonya, ika mwalawu pamzere umenewo. Usayankhule kanthu ngati sukufuna. Ndipo tadzuka pamkekapo, katenge mpando. Unamuona kuti mphunzitsi woona kope ali pansi?"

Ndinakatenga mpando. Iwo anasongola pensulo, n'kulemba funso loyamba la papepala lija. Pamzere woyamba panafunika 3 – 8. Analemba 5, n'kupitirira kumzere wachiwiri. Mwala unali m'manja mwanga. Anafika mzere wachitatu. Ndinatambasula dzanja n'kuuika pa 5 uja.

Anayang'ana mwalawo, n'kundiyang'ana ine.

"Mzere woyamba womwe?"

Ndinagwedeza mutu. Anaseka mpaka kugwira patebulo, koma m'maso munali mutadzaza misozi.

"Ukudziwa chimene ndinaimbitsa ana dzulo m'mawa?" Anawongola msana, n'kutulutsa mawu awo a m'kalasi aja. "3 kuchotsa 8? Ana onse: sizitheka! Ndiye titani? Tibwereke!" Anawomba m'manja kamodzi. "Umo ndi mmene timachotsera nambala zazitali, kubwereka kwa ya pambali. Zaka khumi ndi zinayi, Duwa. Iwenso unaimba nawo. Dzanja langa likaona yaing'ono ili kutsogolo limangotembenuza lokha, n'kuchotsa yaing'ono mu yaikulu. M'mawa ndikuphunzitsa ana kuti sizitheka, Loweruka iwe ukuti zimatheka. Ndimvere ndani?"

Tsiku limenelo mwala unatera kakhumi ndi kasanu ndi kawiri. Anawerenga okha. Ndinawajambulira mzere wa nambala, ziro pakati, mainasi kumanzere, monga tinaphunzirira ku Fomu 1. Anautsatira ndi chala, koma ndinaona kuti sukulowa. Ankati nambala imene sangaigwire ngati chitsekerero saikhulupirira.

Loweruka linalo anabwera ndi yankho lawolawo, ndipo anayamba kulifotokoza asanavule n'komwe nsapato. Kuseri kwa sukulu yawo kuli dzenje limene makolo anakumba pofuna dothi loumbira njerwa za kalasi yatsopano. Anali ataimirira pafupi nalo nthawi yopuma, akuthamangitsa ana kuti asagweremo.

"Tamvera, undiuze ngati ndikunama. Pali mulu wa dothi wa wilibala zitatu. Woumba njerwa akufuna zisanu ndi zitatu. Atani? Atenga mulu wonse, n'kukumbanso pansi zisanu. Chatsala pamenepo si mulu wa 5. Ndi dzenje la 5. Si ameneyo mainasi 5 wako uja?"

"Ndi yemweyo, madamu."

"Ndiye dzenje la 3, wina n'kukumbamonso 5, lisanduka bwanji mulu wa 8? Zamisala! Ndi dzenje la 8." Anadzimenya pachipumi. "Nanga pulasi uja ndinkamutenga kuti?"

Apa ndinayankhula ndekha, mwina koyamba osafunsidwa kawiri. Ndinati lamulo lawo lija si labodza, koma lili ndi malo ake: pochulukitsa, ndi pamene ukuchotsa nambala imene ili kale ya mainasi.

"Kuchotsa dzenje," anatero pang'onopang'ono. "Dzenje umalichotsa bwanji? Umalikwirira. Ndiye kuti ukuthira dothi. Ukuwonjezera!" Anatembenukira kukhitchini. "Mayi a Duwa! Mwana wanuyu amayankhula!"

Kuyambira pamenepo m'mphepete mwa kope lawo munadzaza timiyulu ndi timaenje tojambula ndi pensulo. Anayambanso kubwera Lachitatu masana, ana akaweruka, choko chidakali m'zala.

Za mapawa zinatitengera masiku awiri. Iwo ankati kamainasi ka pamwamba kaja kakutanthauza kuti yankho ligwera m'dzenje. Ndinalemba motsika: 2³ ndi 8, 2² ndi 4, 2¹ ndi 2. Ndinawafunsa kuti tikamatsika chikuchitika n'chiyani. Anati tikudula pakati. Ndinawapatsa pensulo kuti apitirize. Pa 2⁰ anafuna kulemba ziro, koma anaima okha, n'kudula 2 pakati, n'kulemba 1. Anatsika: theka, kota, 1/8.

"Ndiye kuti ngakhale utsike chotani, m'dzenje sulowa," anatero. "Umangochepa, kumangochepa, ngati sopo. Kamainasi ka pamwamba kakuti tembenuza, nambala ipite pansi pa 1."

Anapita kwawo akuimba nyimbo ya kwaya. Chisangalalo chimenecho chinatha sabata yotsatira, titafika pa mafankishoni. Ndinalemba f(x) = 2x – 6, n'kuwauza kuti apeze f⁻¹(x), imene timati invesi. Sanachedwe n'komwe. Analemba 1 pamwamba, 2x – 6 pansi, n'kukhoma kadontho mwamphamvu. Ndinaika mwala.

"Iyayi," anatero. "Chotsa."

Sindinachotse.

"Duwa, sabata yatha unandiuza wekha, ndi pakamwa pako, kuti kamainasi kali pamwamba n'kutembenuza. Lero kasamukira mpingo wina?"

Ndinayesa kufotokoza. Ndinati f si nambala ayi, ndi ntchito imene nambala ikuchitidwa, motsatana: iyambe yachulukitsidwa ndi 2, kenako ichotsedwe 6. Ukalowetsa 5, atuluka 4. Invesi ndi ntchito yobweza 4 uja kuti akhalenso 5. Anamvetsera nkhope itakwinyika. Anati chabwino, kubweza kuchulukitsa n'kugawa, kubweza kuchotsa n'kuphatikiza. Anagawa 4 ndi 2, n'kupeza 2, n'kuphatikiza 6. Panatuluka 8. Anayesanso. Panatulukanso 8.

"Ndabweza zonse ziwiri. Akufunanso chiyani?" Anatseka kope. "Anthu amene anapanga masamu amenewa analibe chifundo. Chizindikiro chimodzi, ntchito ziwiri, ndipo sakuuza."

Ndinayamba kunena za dongosolo lake, koma anakweza dzanja. Anati mutu ukuwawa. Tiyi amene amayi anabweretsa sanamwe. Ndinawaperekeza mpaka pasiteji, ndipo tili panjira anati, osandiyang'ana, "Mwina Mulungu anandilembera mtengo wa kesha uja basi."

Patapita ngati mphindi makumi anayi foni ya amayi inalira. Anali madamu, ndipo kumbuyo kwa mawu awo kunkamveka makondakitala akukuwa Lunzu, Lirangwe, Zalewa.

"Mupatseni Duwa! Duwa, ndili pa Kameza. Tamvera. Pobwera m'mawa ndinayamba minibasi ya ku Lirangwe, n'kumalizira ya ku Chileka. Pobwerera ndayamba iti?"

"Ya ku Chileka, madamu."

"Imene ndinamalizira! Ndiye 6 uja, amene anachotsedwa pomaliza, ndi amene ndiyambe kumubweza. Tadikira. Achimwene, ndisiyeni chikwama, ndikwera ndekha! 4 kuphatikiza 6, 10. Kugawa ndi 2..." Anakuwa mpaka ndinachotsa foni kukhutu. "5! Wafika kwawo!"

Kuyambira tsiku limenelo funso lililonse la invesi ankaliyesa potumiza nambala imodzi ulendo wopita ndi wobwerera. Ikapanda kufika kwawo ankadziwa okha kuti china chalakwika, ine ndisanasunthe dzanja.

Mu Juni amayi anandituma ku Lirangwe kukasiya katundu kwa azakhali, ndipo ndinadzera pasukulu paja. Mtengo wa kesha unalipobe. Ndinaima patali kuseri kwa ofesi kuti asandione. Madamu anali ndi bolodi laling'ono atalitsamiritsa pamtengo, ana atakhala padothi m'mizere, ena atavala majuzi a akuluakulu chifukwa cha kuzizira.

"2 kuchotsa 7?"

"Sizitheka pakadali pano!"

"Zidzatheka liti?"

"Ku sekondaleee!"

"Ndiye lero titani?"

"Tibwereke!"

Mphunzitsi wina wachinyamata anali ataima pakhomo la kalasi yake akumvetsera, pakamwa pali yasa. Nditawafunsa Loweruka lake, madamu anangoti, "Sindingapitirize kuwamangira chimene chandimanga ine."

Sitinamalize silabasi. Masabata khumi aja sanabwerere. Za mizere yozungulira ndi ma angulo ake tinangozikhudza pamwamba, ndipo mitu iwiri tinaisiyiratu. Madamu anasankha okha zoti tisiye. Anati bola mafunso ochepa oima bwino kusiyana ndi ambiri ogwa pamzere wachiwiri. M'mapepala akale amene tinkayesera ankapeza 44, 47, kamodzi 52, kenako 41. Panalibe amene akanatiuza ngati zimenezo zikwana 6.

Analemba mu Julaye, kuli chiperoni. Popeza mayeso ankayamba m'mawa, anagona kwathu masiku awiri. Anavala diresi la buluu lopitira kutchalitchi ndi juzi la a Laston. Ndinawaperekeza mpaka pageti, ndipo ndinawaona akuima pamzere wa ana a yunifomu, wamtali kuposa onse, akusechedwa m'matumba ndi mayi wachitetezo ngati wina aliyense. Atatuluka pepala loyamba anati, "Ndasiya mafunso atatu." Atatuluka lachiwiri sananene kanthu za mayeso. Anafunsa ngati amayi ali ndi mankhwala a mutu, n'kunyamuka madzulo omwewo, chifukwa kalasi inali itakhala masiku awiri ndi mphunzitsi wobwereka.

Zotsatira zinatuluka dzuwa la Okutobala litayamba kuwotcha. Kalaliki wa pasukulu paja anakana kupereka pepala la munthu kwa wina, ndiye anayenera kubwera okha. Tinapeza mzere wautali pakhomo la ofesi. Tisanaime mphindi zisanu, mtsikana wina wa kutsogolo kwathu anatembenuka, n'kugwira pakamwa. Anali Asiyatu, wa ku Lirangwe, amene ankakhala ndi achemwali ake kuno ku Chileka.

"Madamu Makungwa! Muli bwanji, madamu? Mwadzatengera ndani?"

Ana ena anatembenuka. Ndinaona dzanja la madamu likufinya lamba wa chikwama. Ndinkayembekeza kuti aloza ine.

"Ndadzatengera Prisca Makungwa," anatero, ndi mawu omveka mpaka kumapeto kwa mzere. "Walemba masamu kachinayi. Ima bwino pamzere, iwe, ukutsekereza anzako."

Asiyatu anaima bwino. Patapita kanthawi anatembenukanso n'kunena chapansipansi kuti madamu adutse kutsogolo kwake. Iwo anakana.

Analowa okha. Anatuluka pepala atalipinda pakati, n'kuyenda mpaka pamthunzi wa khoma, n'kundipatsa.

"Werenga iwe. Maso anga achita chifunga."

Ndinalitambasula.

"6, madamu."

"Yang'anitsitsa. Isakhale 9 yozondoka."

"Ndi 6."

Anakhala pansi pamwala wa maziko, n'kuvula nsapato imodzi, n'kuigwira m'manja osadziwa chochita nayo. Sanalire, sanaimbe. Kenako anavalanso nsapatoyo n'kufunsa kuti pafupi pano pochitira fotokope ndi pati.

Anapereka kalata yawo yofunsira malo kukoleji masabata atatu lisanakwane tsiku lawo lobadwa. Mayina atatuluka, lawo linalipo. Komiti ya makolo, imene ankaiopa ija, inawagulira ndowa ndi bulangeti.

Tsiku lonyamuka ndinapita ku Lirangwe ndi amayi. A Laston anali atawakhomera bokosi la matabwa a mlombwa, lokongola, la loko, koma lalikulu moti linakana kulowa pansi pa mpando wa minibasi. Kondakitala anati limeneli ndi bokosi la anthu awiri.

"Ndi la munthu mmodzi wophunzira kwambiri," anatero a Laston. "Tsegula kumbuyo, ndabwera ndi chingwe changa."

Pamene amunawo ankalimbana ndi bokosilo, madamu anali atakhala kale pazenera, chikwama chili pamiyendo. Anatsanzikana ndi ana awo awiri, n'kuwakumbutsa za yunifomu ndi za mbuzi. Injini italira anatulutsa mutu, akuyang'ana uku ndi uku mpaka anapeza amuna awo.

"Bambo a Vanessa! Mukadzere kwa ahedi lero lomwe. Mukawauze kuti amene atenge kalasi yanga amukhazike Fatima kutsogolo, mbali ya kumanzere kwa bolodi. Khutu lake limodzi silimva, ndipo sanganene yekha. Mwamva?"

"Ndamva, mayi."

"Fatima wamfupi, osati wamtali!"

Minibasi inalowa mumsewu, chitseko cha kumbuyo chili pululu, bokosi litatulukira kunja theka.